Bawo ya a Greenwell ndi Chala Chimodzi

Amalawi onse a ku Barking ankadziwa kuti a Greenwell Chikadza ndi nkhutukumve. Anabwera ku London kudzaphunzira zamakompyuta, ndipo chimene ankayenda nacho monyada chinali bawo ya pa intaneti imene analemba m'chilankhulo cha makompyuta cha Java, ya mtundu umene amati apuleti. Apuleti ndi mlendo wovuta, salowa m'burauza yotsegulira intaneti usanamuyalire kapulogalamu kakekake kotchedwa pulagini. JavaScript ndiye mwana wa m'nyumba, imangoyenda popanda kuikirapo kanthu. A Greenwell ankainyoza koopsa. "Imeneyo n'language? Zidole za ana izo!"

Bawoyo anailembera achimwene awo, a Roy a ku Zomba. Pafoni awiriwa ankangokangana za munda wa malemu bambo awo, koma pa bawo ankamvana. Uyu atakata lero, uyo adya mawa, zaka n'kumapita.

Kenaka opanga maburauza anatsekera apuleti kunja. Anzawo onse anasamukira ku JavaScript, koma a Greenwell anakakamira pa kompyuta yakale yolira ngati chigayo, ina n'kuwatumizira a Roy. Kuntchito atawauza kuti aphunzire zatsopano, anatola jekete n'kukayamba kuyendetsa basi. Makani ake amenewo!

Chaka chatha a Roy anadwala sitiroko. Mawu anapita, dzanja lamanja linafa. Kukhala pa kompyuta sakanathanso. Chimene chala chawo chakumanzere chinkafikira ndi foni, ndipo apuleti pafoni siyenda.

"Bambo a Nicole, just accept," anatero a Eliza, akazi a Greenwell. "Alamu atopa. Muzingowaimbira video call, azikuonani."

"Azindiona ngati ndine TV? Achimwene mutu ukugwira. Sindilola kuti muwaike m'manda ali moyo."

Zinawapweteka, osanama, munthu wa imvi kukhala pansi kuphunzira JavaScript imene anaitukwana zaka zonsezo, kuti bawo ija iziyenda pafoni. Ku depoti anzawo akumwa tiyi, iwo ali ndi laputopu pamaondo, akung'ung'udza. Nkhomo zinkagwera m'maenje olakwika, zina kusowa kumene. Iwo osagonja. Anakulitsa maenje kuti chala chonjenjemera chisaphonye, nayala nkhomo mmene zinalili pa gemu imene anaisiyira panjira. Kenaka anatumiza linki.

Masiku anapita, kuli zii. Mlamu wawo ku Zomba, akazi a Roy, anati odwalawo amangoiyang'ana foniyo. Mantha anawagwira a Greenwell, poganiza kuti mwina akazi awo ananena zoona, koma gemuyo anakana kuitseka.

Lamlungu lina potuluka m'tchalitchi foni inalira. Nkhomo zinayamba kuyenda pa sikirini, dzenje ndi dzenje, kudya, kuzungulira, kudyanso, mpaka mzere wawo wakutsogolo unatha psiti. A Greenwell anaima pakhomo penipeni, kutsekereza mpingo wonse, misozi ili chuchuchu.

"Mayi a Nicole, taonani nkhalamba yankhanzayi! Yandidya zonse ndi chala chimodzi!"