Chingerezi cha a Telala

Pakhonde la sitolo ya nsapato panali makina osokera achikale, ndipo kuseri kwa makinawo kunkakhala a Telala, munthu amene Chingerezi anachiphunzira ndi maso okha. Nyuzipepala zakale zodulira mapatani ankayamba aziwerenga kaye mokweza, sizasi ili m'manja. Lamulo lawo linali limodzi: chilembo chilichonse chimene mzungu anavutikira kulemba chiyenera kumveka. Akamva wina pawailesi akudumpha zilembo, ankapukusa mutu n'kunena kuti ulesi wafika ndi kwa eniake omwe.

Mumsewumo ankapatsidwa ulemu. Wobwera kudzapinditsa thalauza ankachoka atamwetsedwa mawu aatali ngati chingwe choyanikira zovala, ndipo ankathokoza. Akazi awo okha ndi amene ankati bambowa akamalankhula zimamveka ngati makina osowa mafuta, koma ankanenera kukhitchini.

Ndiye mwana wawo wamkazi, namwino wogwira ntchito kunja, anaimba foni kuti akubwera ndi mwamuna wofuna kumukwatira, munthu woyamwira Chingerezi. A Telala anasangalala, koma mtima unali m'mwamba. Mwanayo anali mmodzi yekhayo, ndipo ankafuna kumufunsa mnyamatayo maso ndi maso, popanda womasulira, ngati adzamusunga bwino kutaliko. Anakonza mawu awo, n'kumayeserera pa chidole choyezera madiresi, ndipo chidolecho sichinadandaule.

Tsiku la alendo aneba anadzaza pabalaza, ena anakakamira pawindo, kudzaona Chingerezi chikukumana ndi mwiniwake. A Telala anaimirira atavala jekete yosoka okha, n'kuyamba. Sanasiye chilembo ndi chimodzi chomwe, ngakhale zija zongokhala m'mawu ngati alendo osaitanidwa. Mnyamatayo anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu. A Telala atatha, mnyamatayo anatembenukira kwa namwinoyo n'kunena zinazake mofewa, mothamanga. A Telala sanatolepo kanthu. Mnyamata ameneyu zilembo ankangomeza ngati mapiritsi.

"Akuti chiyani?" anafunsa.

Mwanayo anayang'ana pansi. Mayi ake anamugunda ndi chigongono kuti alankhule, anthu akudikira.

"Akuti chilankhulo cha kwathu kuno n'chokoma, bambo. Akuti muwaphunzitseko."

Pawindo wina anatsokomola chifuwa chimene analibe. A Telala anachita manyazi osowa poyang'ana. Njira yothawira inalipo: akanangonena kuti mkamwiniyu sukulu inamukanika, ndipo msewu wonse ukanavomereza, poti ndani akanawatsutsa? Mawuwo anafika mpaka pamilomo. Koma funso lija linali likadali pakhosi, ndipo ndege inali yoti idzamutenganso mwana wawo.

Anavula jekete ija n'kuikoleka pampando. Anakhala pansi, nagwira dzanja la mnyamatayo ndi manja onse awiri, n'kufunsa m'Chichewa, pang'onopang'ono:

"Mwana wangayu mudzandisungira?"

Namwinoyo anatsegula pakamwa kuti amasulire, koma m'malo mwa mawu, m'maso mwake munatuluka misozi. Mnyamatayo anayang'ana mtsikanayo, n'kuyang'ananso madala aja, kenako anafinya dzanja lawo n'kuweramitsa mutu asanauzidwe kalikonse.

A Telala akadali pakhonde paja, ndipo wailesi amaikonzabe zolakwa zake. Koma akazi awo, amene tsopano sanenera kukhitchini, amauza aliyense kuti pa zonse zimene bambowa anamuuza mkamwini wawo, zimene zinamveka ndi za Chichewa zokha.