Wolowa m'malo mwa Watayi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha madzi osefukira. Chaka chimenecho madzi analowa m'munda mwathu ku Makhanga n'kukokolola mapira onse, ndipo bambo anandikweza bwato kuti ndipite kwa amalume ku esiteti ya nzimbe ku Chikwawa. Kudula nzimbe ndinakulephera tsiku lachiwiri, manja atachita matuza. Koma sukulu ndinali nditafika nayo Fomu 2, Chingerezi ndinkachimva, Chisena ndi Chimang'anja zinali zakwathu. Amalume, amene anali mlonda pa holo ya antchito, ananditengera kwa a Zuze, bambo amene ankaonetsa kanema mu holomo Loweruka ndi Lamlungu masana.

A Zuze anali a ku Mutarara, kutsidya ku Mozambique, koma anakhala kuno zaka zambiri ndipo ana awo onse anabadwira pa esiteti. Sanandifunse za sukulu. Anandipatsa kachidutswa ka filimu nati, "Gwira." Ndinagwira pakati ndi zala zathukuta.

"Nkhabe, mphale," anatero m'Chisena, kutanthauza kuti ayi, mnyamata. "Filimu amagwira m'mphepete, monga ugwirira chithunzi cha malemu."

Anandilemba tsiku lomwelo.

Mafilimu ankabwera Lachisanu pa lole kuchokera ku Blantyre, m'zitini zachitsulo zitatuzitatu. Ntchito yanga yoyamba inali kupukusa rilo iliyonse, mpukutu wa filimu wa m'chitini, pa benchi, chala chikuyenda m'mphepete kufunafuna timabowo tong'ambika. Ndikapeza pong'ambika ndinkadula ndi lezala, kupala pang'ono mbali imodzi, kupaka guluu wa filimu, n'kupsinja mpaka pagwire. Kenako kupukuta pakhomo pa pulojekita, podutsa filimu, ndi kaburashi, chifukwa kafumbi kamodzi kamaoneka ngati chinyerere chachikulu pakhoma. Polowetsa filimu, a Zuze ankasiya kalupu ka filimu yosakungika pamwamba ndi pansi, kolowa zala ziwiri. Kakachepa, filimu imaduka. Babu sankaigwira ndi manja, ndipo ukaizimitsa fani umaisiya izungulire mpaka babuyo izizire. Mazenera tinkawatseka ndi masaka, ndiye kutentha kwa kuno mumakudziwa: anthu ankatuluka malaya atamatira pamsana.

Ntchito yachiwiri ndi imene inandipatsa dzina. Ndinkagwira maiki n'kumamasulira zimene azungu a m'kanema akunena, nthawi zina kuwonjezerako zanga kuti anthu aseke. Malo amene a ofesi yoyang'anira makanema anadula, mwamuna akayandikira mkazi chithunzi n'kulumpha, holo yonse inkakuwa, ine n'kunena kuti, "Apa anapita kukapempha chilolezo kwa ankhoswe."

Kanema wokondedwa kuposa onse anali wa kazitape wina wa ku Mangalande. Mafilimu ake anali ambiri, ankabwera motsatizana zaka ndi zaka. Anthu anamutcha Watayi, chifukwa ankamenya adani khumi tayi wosasunthika pakhosi. Otsatira ake ankadziwa kuti amene ankasewera Watayi panthawiyo sanali woyamba, ndipo kanema akatha mkangano wake unkayambira pakhomo pa kachipinda kathu ka makina. Jofesi, woyendetsa thalakitala, ankakonda wakale uja wa nkhope yolimba. A Bizeki, kalaliki wa pasikelo, ankakonda womwetulira amene analipoyu, ndipo ankabwera ndi magazini akale a ku Joni kuti atsimikizire mfundo zawo. Ine ndinkalowerera kwa onse. A Zuze ankangopukuta makina.

Owerenga achinyamata ndiwauze chinthu chimodzi. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, mtsogoleri mmodzi, ndipo anali wamuyaya. Kunena kuti wakalamba, kapena kufunsa kuti adzalowa m'malo mwake ndani, kunali kokwanira kuti munthu atengedwe osaonekera kubwalo la milandu. Izi tonse tinkazidziwa, ngakhale ana.

Tsiku lovuta linali Loweruka lina la mwezi wa Okutobala. Kunabwera filimu yatsopano ya Watayi ndipo holo inadzaza mpaka ena anakhala pansi. Koma Watayi wake anali atatha. Khosi linali makwinya okhaokha, ndipo akalumpha padenga aliyense ankaona kuti wolumphayo ndi munthu wina wovala suti yake. Nthabwala zanga sizinathandize. Anthu anatuluka akung'ung'udza.

Padenga la holo panali sipika yaikulu yoloza kumsika, imene tinkaitanira anthu. Kanema atatha ndinasamutsira waya ku sipikayo n'kulengeza filimu ya sabata yamawa. Ndisanamalize bwino, Jofesi analowa m'kachipinda akukuwa, a Bizeki ali pambuyo pake ndi magazini. Ndinaika maiki pa benchi. Sindinaizimitse. A Zuze anali atatuluka kukasamba kumaso pa mpope.

"Mwaona?" anatero Jofesi. "Munthu wanu uja ngakhale kuthamanga sakutha!"

"Nzeru zilipobe," anayankha a Bizeki. "Si miyendo imene imagwira ntchito imeneyi."

Apa m'pamene ine ndinalowerera, ndi mawu anga aja ozolowera kudzaza holo.

"A Bizeki, tinene zoona. Mkuluyu wakalamba. Wakhalitsa. Atule pansi udindo, alowe wachinyamata. Kodi afuna afere pomwepo?"

"Alowe ndani tsono?" anafunsa a Bizeki.

"Alipo ambiri," ndinatero. "Enanso akumudikira kuti angogwa."

Jofesi anayamba kutchula amene ankawafuna: Mtchaina wina wa karate, kapena munthu wakuda, bwanji osatheka? Tinali tikuseka pamene a Zuze analowa akuthamanga, madzi akuchucha kumaso, n'kuzula waya pa amplifaya. Ndi pamene ndinamva kuti kumsika kuli zii. Kumsika wa Loweruka, wa anthu mazanamazana, kunkangomveka mbuzi.

Sipanapite nthawi, anafika tcheyamani wa chipani wa dera lathu ndi anyamata anayi a malaya ofiira. Jofesi ndi a Bizeki anali atatulukira khomo lakumbuyo. Tcheyamaniyo anaima pakhomo, natiyang'ana awirife.

"Amayankhula pa maiki ndani?"

Sipika ya padenga inkasintha mawu, munthu aliyense ankamveka ngati akuyankhulira m'mgolo. Funsolo linali loona, sankadziwa. Ine ndinaganiza za amayi ku Makhanga, ndinaganiza za mphunzitsi wathu wina amene anatengedwa ndili Sitandade 7 osabwereranso. Ndinayang'ana pansi.

"Makinawa ndi anga, bwana," anatero a Zuze. "Chotuluka m'makina ndi changa. Koma timanena za munthu wa m'kanema. Uyu apa."

Anaonetsa chithunzi cha Watayi chimene tinamata pachitseko. Tcheyamani sanachiyang'ane n'komwe.

"Ndiye mwaphunzira kubisa mawu m'kanema? Inu obwera, tinakulandirani, lero mukutisankhira atsogoleri?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe mnyamata, amayankhula ndi bambo awa?"

Sindinanene kuti inde. Sindinanenenso kuti ayi. Ndinangoweramitsa mutu, ndipo iye anatenga kuweramako ngati yankho. Ine ndinadziwa kuti atenga choncho.

Anyamata aja anawagwira a Zuze m'manja. Potuluka a Zuze anacheuka, ine n'kuganiza kuti anena kuti ndinali ine. Anati, "Rilo yachitatu sunaipukuse. Ibwerere m'chitini mutu uli kunja." Anawakweza pa galimoto ya apolisi imene inabwera dzuwa lisanalowe, pamodzi ndi zitini zitatu zija ndi chithunzi cha pachitseko. Rilo ija inapita yosapukusa.

Holo inatsekedwa masabata angapo. A Bizeki anawotcha magazini awo onse. Jofesi akandiona pamsewu ankayang'ana kumbali, ndipo inenso ndinkachita chimodzimodzi. Amalume anandiuza kuti ndisatsegule pakamwa kwa wina aliyense, chifukwa kuyankhula tsopano sikukanatulutsa a Zuze, kukanangowonjezera wachiwiri. Mwina ankanena zoona. Ndinagwira mawu amenewo chifukwa ankandikomera.

Tsiku lina m'mawa kunabwera akazi a a Zuze, mayi a Rosa, kudzatenga njinga ya amuna awo imene inatsala m'kachipinda. Iwo ankagulitsa nsomba zouma pamsika uja. Ndinawatulutsira njingayo, ndinapopa matayala, ndinapukuta chishalo, zonsezi osawayang'ana kumaso. Atagwira mahandulo anaima.

"Ndinali pamsika tsiku lija," anatero motsitsa mawu. "Mawu a amuna anga ndimawadziwa, mphale, ngakhale atayankhulira m'chitsime. Akonso ndimawadziwa."

Ndinadikira kuti atukwane kapena akandinenere. Anangokankha njinga n'kumapita, osakwera.

Patapita miyezi tinamva kuti a Zuze anawatulutsa kundende n'kukawasiya pa malire ku Marka, kuti abwerere kwawo. Kwawoko kunali nkhondo, ndipo anthu ankathawa kuchokera kumeneko kubwera kuno. Mayi a Rosa anagulitsa katundu nawatsatira ndi ana. Ndinafunsafunsa kwa othawa nkhondo ochokera ku Mutarara zaka zotsatira, koma palibe amene anandiuza chogwirika.

Holo itatsegulidwa, akuluakulu a esiteti anafuna munthu wodziwa pulojekita. Ndinalipo ine ndekha. Ndinavomera. Sipika ya padenga anaichotsa, ndipo kumasulira pa maiki kunaletsedwa, choncho anthu ankaonera azungu akuyankhula zimene sankazimva. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu inabwera filimu ya Watayi watsopano, wachinyamata, wa tsitsi lakuda, wothamanga ndi miyendo yake. Ndinailowetsa m'makina monga anandiphunzitsira, zala ziwiri pamwamba, zala ziwiri pansi. Jofesi anakhala mzere wachitatu, a Bizeki chakumbuyo. Itatha aliyense anatuluka payekha. Palibe amene anabwera pakhomo panga kudzanena ngati watsopanoyo wakhoza kapena walephera.

Kanema wa pulojekita anatha mavidiyo atabwera, ine n'kuphunzira zamagetsi, ndipo kumapeto ndinakhala kapitawo wa anthu khumi ndi awiri. Ndinaphunzitsa ambiri kugwira waya ndi kuwerenga mita. Koma chimene ndinasunga kuchokera pa ntchito yoyamba ija si cha makina. Pantchito pakalakwika, bwana n'kufunsa kuti wachita ndani, pamakhala kanthawi kochepa anthu onse ali chete. Kanthawi kameneko sindikalolanso kuti katalike. Ngati ndine, ndimanena kuti ndine, bwanayo asanatseke pakamwa. Ndikudziwa kuti ukachedwa pang'ono chabe, pamapezeka munthu wabwino kuposa iwe amene amayankha m'malo mwako, ndipo amene amakwera galimoto ndi iyeyo.