Ufa Wanga pa Msana wa Akabaza

Ndinabwerera kwathu ku Milange kuchokera kusukulu ku Mocuba ndili ndi setifiketi ya zamalonda ndi mimba. Setifiketi inalowa m'sutikesi, mwana anabadwa wamkazi, ntchito ya muofesi sinabwere. Ndiye ndinayamba kukazinga soya, mtedza ndi chimanga, kukagayitsa, n'kumalongedza ufa wa phala la ana m'timajumbo tomata chizindikiro changa, kasupuni kachikasu.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti katundu azionekera pamene pali maso a ogula. Ndinayamba ndi pafoni. Zithunzi zanga ankazikonda ndi anzanga a ku Beira amene alibe ana, ndiponso bambo wina wofunsa ngati ndili pabanja. Amayi amene ndinkawafuna, a ku Majaua ndi m'midzi yozungulira, foni imakhala m'thumba la amuna awo. Nditaganiza zomata nkhope ya mwana wanga pamajumbo, apongozi anga aakazi anakana. "Nkhope ya mdzukulu wanga izizungulira msika wonse? Mukuwadziwa onse amene aiyang'ane?" Ndinaseka monga munthu wophunzira, koma mumtima ndinaopa kuposa iwo.

Nzeru inandipeza pa kabaza, ndikupita ku Muloza mwana ali kumbuyo. Njira yonse ndinkangoyang'ana msana wa wopalasa, malaya ong'ambika, thukuta. Ndinati mayi aliyense wopita kumsika kapena kusikelo amayang'ana msana ngati uwu, ndipo alibe kothawira. Ndinadinditsa kasupuni kanga pa malaya, n'kugawira akabaza a pafupi ndi msika. Aliyense ndinamupatsanso kajumbo kamodzi, kuti akalawitse ana kunyumba.

Ana sanalawe. Akabazawo anaphika okha m'mawa asanayambe kupalasa. Mmodzi atakwera chitunda ndi matumba a chimanga osatsika panjinga, anauza aliyense kuti ndi phala la mayi wa kasupuni. Nkhani inayambira m'miyendo, koma sinathere m'miyendo.

Malonda anatentha. Pageti panga panayamba kubwera azibambo, ena a imvi, olankhula motsitsa akuyang'ana kumbali. "Mayi, ka ufa kaja." Ine ndinkakondwa kuti abambo a ku Milange amakonda ana awo chonchi.

Zoti ufa wanga watchuka ngati wopatsa abambo mphamvu za kuchipinda ndinadziwira kutchalitchi, Misa itatha. Mayi wina wa kwaya anandigwira mkono. "Mana, mchemwali wanga, mwatilanda tulo m'mudzi muno. Chepetsani mtedza, ena takalamba!" Amayi onse anafa nacho chiseko. Wina anawonjeza kuti iye sangapatse khanda lake zinthu za abambo.

Kunyumba ndinapeza apongozi atamva kale. "Mwana wanga, mwamuna wanuyu, akuyenda chozyolika kumsika. Akumufunsa ngati iyeyo ndiye woyesera. Zimenezi zikapanda kutha, chiwaya chokazingira chija ndikachibisa kumudzi." Sankanena zocheza. Ndipo ine popanda chiwaya chija ndine ndani? Mayi wa setifiketi ya m'sutikesi.

Tsiku la sikelo ndinanyamula mbaula, kapoto ndi mwana, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda wa chipatala, pamene amayi amadikirira mzere. Apongozi anabwera ngati mboni, atavala chitenje cha kutchalitchi. Ndinafuna kuti aliyense aone ndikudyetsa mwana wanga wamkazi phala lomwelo.

Panali vuto limodzi limene ankalidziwa ndi a m'nyumba okha: mwana wangayo phala langa sankalifuna. Amadya nthochi, amadya mbatata, amadya ngakhale dothi, koma akaona supuni yanga amatseka pakamwa ngati chitseko cha banki.

Ndinapungulira phala m'mbale. Supuni yoyamba, anatembenuza mutu. Yachiwiri, anaimenya, phala linandigwera pabulauzi.

"Mwanayo ndi wochenjera, akudziwa kuti si za akazi!" anakuwa mayi wina pamzere.

"Mubweretse bambo ake, tione ngati akane!"

Ndinamva misozi ikubwera. Apongozi anayamba kumangitsa chitenje, chizindikiro choti akunyamuka. Pamenepo kamwana kena konenepa, ka mayi wa ku Molumbo, kanakwawa n'kupisa dzanja lonse m'mbale. Kananyambita, kanapisanso. Wanga ataona mlendo akudya m'mbale ya amayi ake, analira ngati walumidwa ndi mavu. Anakankha mnzakeyo, anakoka mbale, n'kuyamba kudya ndi manja awiri, maso ali pa mdani.

Apongozi anakhalanso pansi, n'kunena mokweza kuti a kumapeto amve: "Tiyeni tidikire, amayi. Mwanayu akamera ndevu, ndivomera kuti mumanena zoona."

Palibe anamera ndevu. Mayi wa ku Molumbo uja ndiye anayamba kugula, ena n'kutsatira, akununkhiza kaye ufawo. Pobwerera apongozi anandinyamulira mbaula, za chiwaya osazitchulanso.

Chiyambire tsiku limenelo, malo anga ndi pansi pa mango paja, tsiku lililonse la sikelo. Malaya aja ndinawaitanitsa, akabaza anakana nawo, ndiye ndinawapempha kuti azivala chotembenuza. Azibambo sanasiye kubwera. Amadzera kukhomo la kuseri, ufa wawo uli m'majumbo opanda kasupuni, ndipo amene amawapatsira, nkhope ili gwa ngati ali pamaliro, ndi apongozi anga.