Mphuno ya kwa Shelomkin

Yefim anabadwa m'mudzi mwathu mwa Lipovka nthawi yodula tirigu, anthu tisanamasulidwe ku ukapolo. Amayi ake ankachapa zovala kunyumba yaikulu ya bwana Arkadi Shelomkin. Khandalo linabwera ndi mphuno yaitali, yopindika ngati chikwakwa, ndipo m'dera lonse mphuno yotere inali ya bwana Arkadi okha. Azamba anaiyang'ana, nayang'anana.

Kwathu kuno munthu akamakulemekeza amatchula dzina lako pamodzi ndi la bambo ako. Mwana wa kutchire amabwereka dzina la amene anamunyamula paubatizo, choncho wansembe analemba kuti Yefim Sidorich, poti Sidor woweta ng'ombe ndiye anali pafupi tsikulo. Koma ngakhale limeneli palibe ankalitchula. Aliyense ankangoti Yefimka, ngati akuitana kamwana, mpaka ndevu zinayera.

Ntchito yake inali njuchi. Chipale chofewa cha m'nyengo yachisanu chikasungunuka ankatulutsa ming'oma m'chipinda cha pansi, n'kuivulira chipewa. Mitengo ya lipa ikachita maluwa ankangokhala kumunda, akununkhira utsi ndi phula. Chisanu chikabwera, njuchi zitagona, ankasonkha moto m'mbaula za kunyumba yaikulu. Pa moyo wake ankafuna chinthu chimodzi: kumva pakamwa pa munthu wa m'nyumbamo kuti Yefim Arkadich, ndiye kuti mwana wa Arkadi.

"Ndiye ulidya dzinalo?" ankamufunsa mkazi wake Fyokla. "Kapena ulifunda?"

"Ndilimva basi, mayi iwe. Kamodzi kokha."

Bwana Arkadi atamwalira, nyumba inatsala ndi mwana wawo wa mu ukwati, Nikandr Arkadich. Ameneyu anali phungu wa bwalo la dera lathu, ndipo kumeneko ankalira misozi yeniyeni akamanena kuti anthu wamba ndi abale athu. Akabwerera kunyumba ankalemba buku la mibadwo ya kwa Shelomkin. Ankadziwa msuweni aliyense amene anafa zaka mazanamazana zapitazo, tsiku la ukwati wake ndi mtundu wa kavalo wake. M'bukumo munali mutu wathunthu wokamba za mphuno ya banjalo, chizindikiro cha magazi aukalonga. Tsoka lake, iye anatengera ya amayi ake, yaing'ono ngati kambatata.

Chaka china masamba atayamba kuyoyoka, bwana Nikandr anaitanitsa wojambula wa m'tauni dzina lake Osip kuti ajambule kholo loyamba la banjalo, kalonga amene akuti anabwera pakavalo kuchokera kum'mawa. Chithunzi chake panalibe. Ngakhale dzina lake makoswe anadya kalekale pa chikalata, panangotsala mawu akuti kalonga.

"Nanga ndijambula mphepo?" anatero Osip. "Pafunika nkhope, bwana. Yanuyo ndi yabwino, koma mphuno..."

Nthawi yomweyo Yefim analowa ndi mtolo wa nkhuni. Osip anaimirira mpaka kutaya tiyi.

"Si uyu kalonga wanuyo!"

Bwana anamuyang'ana Yefim ngati akumuona koyamba. "Zangofanana," anatero. "Chilengedwe chimachita nthabwala. Yefimka, tula nkhunizo, ukhale apo."

Yefim sanatule. "Ndikhala, bwana. Koma mundiitane ndi dzina la bambo anga."

"Chabwino, Yefim Sidorich."

"Sidor anali ndi mphuno ngati yanu, bwana. Ndikunena bambo anga enieni."

Bwana anatsokomola, n'kuyankha monga ankayankhira kubwalo: nkhaniyi ndi yaikulu, iyenera kuunikidwa mofatsa, koma akulonjeza pamaso pa mboni kuti dzinalo lituluka pakamwa pake.

Yefim anakhala pampando mpaka chipale choyamba chinagwa, atavekedwa katani yofiira paphewa, m'manja muli lupanga ladzimbiri. Madzulo Fyokla ankamulandira ndi ulemu wonyoza: "Takulandirani, a kalonga. Nkhumba zanu zikudikira chakudya."

Chithunzicho chinavundukulidwa pa Khirisimasi, alendo atadzaza nyumba, zovala zawo zaubweya zitaunjikana pakhomo. Yefim anaima pafupi ndi mbaula, atavala malaya ochapa. Bwana anakoka nsalu, nalengeza kuti atafufuza mozama apeza dzina la kholo lija. Kenaka anafulatira Yefim, nayang'ana kukhoma, nawerama.

"Kalonga Yefim Arkadich," anatero ndi mawu onjenjemera, "ana anu tikukupatsani moni."

Alendo anaomba m'manja. Mayi wina wokalamba anapukuta misozi, nati mphuno zotere masiku ano sizibadwanso. Ponena izi n'kuti akupatsira Yefim kapu yake yopanda kanthu.

Kukhitchini Fyokla anakalipa mpaka miphika inalira. "Wakubera nkhope, wakuberanso dzina, n'kupatsa khoma! Iwe n'kumangoti nyomi ngati mwana wa ng'ombe."

"Walitchula," anatero Yefim. "Ndamva ndi makutu angawa."

"Amauza chithunzi, chitsiru iwe!"

"Nanga pachithunzipo pali ndani?"

Kuyambira pamenepo bwana ankaima m'mawa uliwonse patsinde pa chithunzicho n'kuchipatsa moni, makamaka pakakhala alendo. Yefim anazindikira msanga nthawi yake, ndipo mbaula ya m'chipindacho inayamba kufuna nkhuni nthawi yomweyo, ngakhale m'chilimwe.

"Mwadzuka bwanji, Yefim Arkadich?" bwana ankafunsa khoma.

"Ndadzuka, mng'ono wanga," ankayankha Yefim chapansipansi, mutu uli m'mbaula. "Koma bondo likuvuta."

Bwana sanatembenuke ndi tsiku limodzi lomwe. Sanamuletsenso.

Yefim anamwalira madzi oundana akusweka mumtsinje, ming'oma isanatulutsidwe. Pamtanda wake bwana analembetsa kuti Yefimka, woweta njuchi. M'mawa wotsatira anapatsa chithunzi moni monga mwa masiku onse. Wantchito wina wa m'nyumbamo akuti bwanayo anaima nthawi yaitali atatchera khutu, kenaka anakalipa kuti m'chipindamo mukuzizira.