Nambala ya ku golosale ya ku Ndirande

Ndinaimba nambala yakale. Kulakwa kwanga kunayambira pamenepo, ndipo bwenzi kuli kochepa ndikanatseka pakamwa.

Inali nthawi imene manambala a foni zapansi anawawonjezera kutsogolo, m'dziko lonse. Ine sindinamve. Komatu kwathu kwa Nthache ndinkadziwika ngati munthu wowerenga, ngakhale sukulu ndinalekezera panjira. Vuto linali lakuti nyuzipepala zanga zinali zokulungira usipa, moti nkhani zinkandipeza zitakalamba kale.

Mayi ena amasiye, oyandikana nane nyumba, anali ndi chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Ankafuna kuti mwana wawo woyamba, mnyamata wogwira ntchito mu golosale ku Ndirande, adzakhalepo m'malo mwa malemu bambo ake. Anandipempha kuti ndikawaimbire. Ndinawakweza pakaliyala ya njinga yanga mpaka ku Boma, ku kanyumba koimbirako foni.

Nambalayo anaisunga pamtima. Iwo akutchula, ine ndikudina ndi chala chonyada. Kunayankha mawu a mzimayi, m'Chingerezi. Ndinayesanso, n'chimodzimodzi.

"Akuti bwanji, achimwene?" anandifunsa.

"Akuti nambala imeneyi kulibe."

Apa ndiye poyenera kulekera. Koma munthu wowerenga sabwerera chimanjamanja. Ndinatsokomola pang'ono n'kuwonjezera kuti, "Ana a m'tauni amatero, mayi. Akatopa ndi zopempha za kumudzi amasintha nambala."

Sindinaganize n'komwe kuti foni ya golosale si yosintha wantchito. Pakhoma panali chidziwitso cha manambala atsopano, zilembo zake zikuluzikulu. Ine amene ndimawerenga ngakhale zolembedwa pathumba la feteleza, tsiku limenelo khoma sindinaliyang'ane.

 Pobwerera, pachitunda mayi aja anatsika n'kuyenda patsogolo panga. Madzulo mkazi wanga anawauza kuti atume uthenga kudzera kwa kondakitala wa minibasi, koma anakana. Anati wobisala safunidwa.

Chinkhoswe chinachitika mnyamatayo kulibe. Anadzamva kwa wogulitsa makala, zonse zitatha, ndipo anatumiza mawu akuti ngati kwawo anamuchotsa m'chiwerengero, angomuuza.

Chidziwitso chija ndinachiwona nditapitanso ku Boma kukagula tayala la njinga. Ndinachiwerenga mpaka pansi. Ndinafika kunyumba, n'kuzungulirazungulira pakhomo, kukonza khola limene silinawonongeke. Kenako ndinapita kwa mayi aja.

Ndinawapeza akutong'ola chimanga. Ndinafotokoza zonse, za manambala ndi za pakamwa panga. Anandimvetsera osasiya ntchito, ndipo nditamaliza anandipatsa chisononkho kuti nane ndizitong'ola.

Patapita kanthawi anati, "Achimwene, ine musandipepese, ndinakhulupirira msanga ndekha. Koma mwana uja mawu anga sawamva pano. Mawa mukwere minibasi mukamuuze nokha. Ndipo mukafika, munene zimene zinachitika basi, osawonjezera zanu."