Alefa ndi Khoma la Tchalitchi

Mvula yoyamba itakata, Alefa anaima panja pa tchalitchi n'kumaona ntchito yake ikutsetsereka pansi. Angelo amene anawajambula pakhoma anali atasanduka matope. Amayi ochokera kumpunga ku Likangala ankaseka osabisa n'komwe. Zinamuwawa zedi, ndipo analira pomwepo.

Mayiyu anali wamasiye, sukulu anailekezera panjira. Luso lake linali lokongoletsa makoma a nyumba za anthu ndi katondo, makala ndi dothi lachikasu. Tsiku lina Bambo Gerishomo, wansembe wa katchalitchi ka Othodokisi komwe ankapemphera kwa Kuntumanji, anamuonetsa zithunzi pafoni. Anali matchalitchi akalekale a ku Romania, ojambulidwa kunja konse kuyambira pansi mpaka kudenga, zithunzi zake zosachoka kwa zaka mazanamazana.

"Abambo, ndipatseni khoma lathuli ndiyese," anapempha Alefa.

Anachita monga amachitira amayi onse kumudziko: kudikira khoma liume gwa, kenako n'kujambula. Pakhonde zimatheka, poti denga limatchinga. Koma khoma la tchalitchi linali pamtetete, moyang'ana kunyanja ya Chilwa kumene mvula imachokera ndi mphepo.

A Wilisoni, mkulu wa mpingo, sanalankhule mozungulira. "Mwatichititsa manyazi, mayi. Khoma la Mulungu si khonde lanu. Timatepo laimu ndi mchenga, nkhani ithe."

Wina akanasiya kupita kutchalitchiko. Alefa ayi. Patsiku lomata anabwera kudzatunga madzi, ndipo anakolopa yekha matope a angelo ake aja. Atatopa anatsamira khoma losauma ndi dzanja la katondo yekhayekha, chidindo n'kutsalira pomwepo. Mvula inawomba dzinja lonse, koma dzanja lija linangoti psuu, osasuluka.

Anathamangira kwa wansembe kukawauza za dzanjalo. Iwo atafunsa anzawo akutali, yankho linabwera loti n'zoona: amisiri akale aja ankajambula laimu asanaume, kuti mtundu ulowe mkati n'kuumira limodzi ndi khoma.

A Wilisoni anavomera monyinyirika kuti Alefa ayesenso. "Komaliza, mayi. Zikachokanso, musadzakhudzenso khomali."

Inu, ntchito yake sinali yamasewera. Laimu sadikira munthu. Alefa ankamata kachigawo kakang'ono m'mawa, n'kujambula mothamanga dzuwa lisanakwere. Pena ankachedwa, laimu n'kuuma, iye n'kugumula n'kuyambiranso. Zala zinang'ambika. Ganyu yomweta mpunga inamudutsa, ndiwo kunyumba zinavuta, abale ake mpaka anati wazungulira mutu. Iye ali phee pamakwerero, chilimwe chonse.

Anajambula atumwi ali m'bwato, akukoka khoka lodzaza matemba, nkhope zawo zakuda ngati za asodzi akwathu konkuno. Chapamwamba anaika Mariya atanyamula Mwana.

Kenako mitambo inadetsanso kunyanja. Linali Lamulungu, ndipo mvula inagwa yamkuntho mapemphero ali mkati. Alefa mtima unali m'mwamba, nyimbo osaimva. Itakata, mpingo wonse unakhamukira panja, iye n'kutsalira pabenchi.

A Wilisoni ndiwo anabwerera kudzamutenga. Khoma linali litanyowa lonse, koma atumwi anali m'bwato mwawo, akuwala kuposa kale. Mkuluyo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, makoma atatu atsalawa ndi anunso. Mchenga ndikatuta ndine."

Lero anthu amatsika minibasi pa Songani n'kumafunsa akabaza njira ya kutchalitchi chojambulidwa. Ife akuno tikamawalozera, timalozera monyada, chifukwa anajambula ndi mwana wathu, ndi dothi lathu lomweli.

Inu amene ntchito yanu yakokoloka anthu akuona, lirani ndithu, palibe cholakwa. Koma mawa lake bwererani pamalo pomwepo, mukaone chimene chinalakwika, muyambirenso. Mtima wokhawo musautaye.