Sete, Galu Amene Anatisungitsa

Lamba wa m'khosi mwake anali wachikopa, wouma gwa, ndipo pakati pake panali nambala yotenthedwa ndi chitsulo chamoto. Ine ndinali nditangophunzira manambala kwa apulofesolo, aphunzitsi athu, ndiye ndinawerenga mokweza kuti aliyense amve kuti sikola sindipitira masewera: "Sete!" Ndiko kuti zisanu ndi ziwiri, monga tinkawerengera ku sikola. Basi dzina linakhala lomwelo. Galu wokalamba, wobereka ana osawerengeka, anapatsidwa dzina koyamba ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kongofuna kudzionetsera.

Anabwera pa ngolo ya ng'ombe, atagona pa chiguduli, chilimwe chitangoyamba. Anamubweretsa ndi a Irimau, mtumiki wa mpingo wa ku misau, amene amayi ankawachapira nsalu za m'tchalitchi. Mudzi wathu unali kuseri kwa Lifidzi, ndipo agalu amene tinkawadziwa anali a kamwa yaitali, a nthiti zoonekera, akuba mazira. Uyu nkhope yake inali yophwatalala ngati wagundidwa ndi chitseko, nsagwada ya m'munsi itatulukira kunja, dovu likutsika. Mawere ake ankakhudza pansi. Amalume atamuyang'ana anafunsa kuti, "Nanga mphuno mwaisiya m'ngolomo, a Irimau?"

A Irimau sanaseke. Anati mtundu wake umatchedwa bokisa. Kufupi ndi Ulongwe kunali munthu wina amene anatsala ndi agalu a mzungu, mzunguyo atabwerera kwawo. Sankawaweta kuti azilonda, ankangowabereketsa. Aakazi ankakhala m'timakola tawaya tosanjikizana ngati ta nkhunda, ndipo ana akangosiya kuyamwa ankawawolotsa malire kukagulitsa kwa anthu a mipanda ya njerwa ku Malawi. Mfuti zitayamba kumveka pafupi, munthuyo anathawa makiyi ali m'thumba. A Irimau atathyola maloko anapeza wamoyo ndi uyu yekha. Tsopano akuluakulu awo anali atawaitanira ku Tete, ndipo pa kaminyau, lole yodzawatenga, malo a galu panalibe.

"Ndikukusungitsani, mayi," anatero. "Mvula ikamayamba ndibwera kudzamutenga."

Anasiya theka la thumba la gaga ndi kabotolo ka mankhwala opaka pa zilonda. Amayi analandira ndi manja awiri. Lero ndikaganiza ndimadabwa nawo. Abambo anali atatengedwa ndi asilikali a tiropa chaka chapitacho ndipo kalata yawo sitinaionepo, kumbuyo kwa amayi kunali mlongo wanga wamwamuna wa miyezi isanu, m'nkhokwe chimanga chinali chofika m'mawondo. Koma kwathu chinthu chosungitsa chimalemera kuposa chako. Mbuzi yosungitsa ikafa, umayanika chikopa n'kuchisunga kuti mwini wake adzaone ndi maso kuti sunaidye mobisa. Amayi sakanatha kukana, ndipo atavomera sakanatha kubwerera m'mbuyo.

Ntchito yomusamalira inagwera ine. Sete sankadziwa dothi. Zala za mapazi ake zinali zotambasuka chifukwa choima pa waya moyo wake wonse, ndipo ndikamuimika pabwalo ankayenda mapazi atatu, n'kutembenuka, atatu ena, n'kutembenuka, ngati khola lija analinyamula. Anzanga ankadzaima kuseri kwa mpanda kudzaseka. Ena ankati ndi fisi wa munthu, ena ankati ndi nkhumba imene inalephera. Ine ndinkawagenda. Ndinkamuphikira phala la gaga m'phale, lopyapyala chifukwa mano ambiri analibe, ndipo ndinkamupaka mankhwala m'zigongono mpaka zala zanga zinasintha mtundu.

Ankakonda kugona pansi pa nkhokwe. Tsiku lina ndinamupeza atasonkhanitsa zitsononkho zinayi pamimba pake, akuzinyambita chimodzichimodzi. Nditafuna kuchotsa chimodzi sanandilume, anangoika nsagwada yake pamwamba pa dzanja langa n'kundiyang'ana. Ndinachibweza. Amayi akagoneka mwana pamphasa kuti asinje, Sete ankadzikoka n'kukagona pambali pake, ndipo ntchentche sizinkatera. Patapita milungu ingapo anayamba kunditsatira mpaka pa chitsime, kenako mpaka ku dimba la mbatata ya kachewere. Tsiku limene anathamangitsa nkhuku koyamba ndinakuwa ngati ndatola ndalama. Ndinkamukonda kwambiri galu ameneyu, kuposa anthu ena amene ndinkadya nawo m'mbale imodzi.

Koma chilimwe chimenecho mudzi unkatha mawu pang'onopang'ono. Apulofesolo anasiya kubwera, ndipo palibe anatiuza chifukwa chake. Kenako kunamveka kuti ku mudzi wina wa kutsidya anthu anabisala bwinobwino m'phiri, koma galu wawo anauwa, ndipo anthu amfuti anangotsatira mawuwo. Anthu amfuti a mbali iti, sitinkafunsa. Ofunsa ankakhala amene ali kutali. Sabata imeneyo atambala onse anadyedwa. Amalume, mlenje amene ankagawana nkute ndi agalu ake awiri, anapita nawo kumsitu ndi chingwe n'kubwerako okha. Madzulo ake anabwera kwathu ndi chingwe chomwecho.

Amayi anaima pakati pa iwo ndi nkhokwe. "Si wathu, alongo. Zanu mwapha, izi n'za eni."

Anakangana nthawi yaitali motsitsa mawu. Amayi anati chibwerereni galuyu sanauwepo ngakhale kamodzi, ndipo zinali zoona. Amalume anati kuuwa sauwa, koma tamverani mmene akupumira, ngati mvukuto. Zimenezonso zinali zoona. Dzuwa likatentha Sete ankapuma ndi phokoso lomveka kuseri kwa nyumba, lilime lili panja. Pomaliza amalume anapinda chingwe chawo n'kundiitana. Anandionetsa mmene alenje amachitira akayandikira gwape: umakhala pansi, mutu wa galu pamwendo, manja onse awiri atazungulira kukamwa, n'kufinya osasiya.

"Usaope," anatero. "Galu ali ndi mphuno. Ukamutseka pakamwa amapumira m'mphuno."

Amalume sankanama. Zimene ananenazo zinali zoona kwa galu aliyense amene anamuonapo chibadwire. Ine ndinali kale mayi wa ana atatu pamene dotolo wa ziweto wina ku Tete anandifotokozera, akungocheza, kuti agalu a nkhope yophwatalalawa njira ya m'mphuno mwawo ndi yopapatiza, ndipo akatenthedwa moyo wawo wonse umadutsira pakamwa. Ndinamuthokoza, n'kutuluka panja kukasanza.

Linali tsiku lotentha, mitambo ya mvula itayamba kuonekera koma isanagwetse kanthu. Minda inali yososedwa, poti n'kubisala panalibe. Dzuwa lili paliwombo tinamva mfuti kumtunda kwa mudzi, kenako tinaona utsi. Tinathamangira ku chigwembe cha nsungwi chimene chinali kumunsi kwa madimba, amayi ndi mwana, amalume, ine, ndi mabanja ena awiri. Sete anathamanga nafe njira yonse. Sanathamangepo mtunda wotere pa moyo wake, ndipo ngakhale ndinali ndi mantha, kamtima kena kankanyadira kuti ndine ndinamuphunzitsa.

Titakhala pansi m'nsungwimo, chinthu chokha chomveka chinali kupuma kwake. Njira yopita kumapiri inkadutsa pamwamba penipeni pa chigwembecho, ndipo posakhalitsa tinamva ziboda za ng'ombe, mawu a amuna, ndi kulira kwa mayi wina amene anamusenzetsa katundu. Akanangodutsa. Koma pamwambapo panali mkuyu wa mthunzi wabwino, ndipo anaima kuti apume. Ndinamva fungo la fodya wawo. Chikhungwa cha nzimbe chinagwera pafupi ndi phazi langa. Amalume anandiyang'ana kamodzi.

Ndinachita monga anandiphunzitsira. Kukamwa kwake kunali kwakufupi, kovuta kugwira, koterera ndi dovu, ndiye ndinakulunga ndi nsonga ya nsalu yanga n'kufinya ndi mphamvu zonse. Anapalasa. Zikhadabo zake zinanding'amba ntchafu, koma sindinalire. Anandikodzera. Maso ake aakulu aja anali pa ine, ndipo ine ndinkamunong'oneza mumtima kuti pirira pang'ono, Sete, pirira. Pambali panga amayi anali atakanikiza nkhope ya mwana pa bere, chikhatho chili kunkhongo kwake, nsalu itaphimba zonse, maso awo ali m'mwamba kumene kunkachokera mawu. Kenako Sete anasiya kupalasa. Thupi lake linafewa pamwendo panga, ndipo ndinasangalala. Ndinati wamvera.

Sindidziwa kuti anakhala nthawi yaitali bwanji. Inakwana yoti munthu amalize ndudu, atafune nzimbe, n'kuseka nthabwala ya mnzake. Ziboda zitapita kutali, amalume anagwedeza mutu, ndipo ndinamasula nsalu ija. Zala zanga zinakana kuwongoka. Ndinamugwedeza khutu n'kumuitana motsitsa. Lilime lake linatuluka lakuda bii. Amalume anamugwira pa nthiti, anasiya dzanja pamenepo nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumbali.

Amayi anayang'ana galuyo. Anayang'ana manja anga. Kenako anatulutsa mawu amene sindinawamvepo kwa munthu, anang'amba nsalu yawo n'kumuzula mwana pa bere. Mutu wa mwanayo unagwera kumbuyo. Anamugwedeza, anamumenya m'mapazi, anamuuzira kumaso, anamumenyanso. Mwanayo anakoka mpweya ngati wotsamwa, n'kulira mokweza, chigwembe chonse chinamva.

"Alongo, atimva!" anatero amalume.

Amayi anamukweza mwanayo m'mwamba kuti alire bwino, iwo akuseka, misozi ikutsikira m'kamwa.

Sitinabwererenso kumudzi. Amalume anakwirira Sete ndi miyala m'chigwembe momwemo, ndipo tinayamba ulendo wa ku Dedza ndi zovala za m'thupi. Ngati a Irimau anabweradi mvula itayamba, anapeza mabwinja. Njira yonse sindinawalankhule amayi. Akandipatsa madzi ndinkalandira nditayang'ana kumbali. Ndinkadana nawo ndi mtima wanga wonse, chifukwa iwo ndi amene anaima pa nkhokwe n'kunena kuti galuyu ndi wa eni, koma atafa sanamukhudze n'komwe, anangomuyang'ana kamodzi n'kuyamba kuseka ndi mwana wawo. Ndinkaganiza kuti m'chigwembemo ndine ndekha ndinali ndi kanthu m'manja.